Kompyuta Ikakana Kudzuka, Ndani Ali ndi Njira Yoidzutsira?

 Lero tikambirana za kanthawi kochepa kwambiri, kaja kamene kamadutsa munthu akadina batani loyatsira kompyuta, sikirini ili yakuda, Windows isanatulukire. Ambirife kanthawi kameneka sitikawerengera n'komwe, komatu ndi m'menemo mmene makinawo amagamula ngati adzuke kapena ayi, ndiponso kuti amvere ndani. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi pulogalamu imene sikhala pa hard disk. Imakhala m'katchipi kakang'ono ka timiyendo tisanu ndi titatu kamene kanawotcheredwa pa motherboard. Amisiri amaitchula kuti BIOS, ngakhale kuti pa makina a masiku ano dzina lake lenileni ndi UEFI, ndipo mapulogalamu onse okhala m'matchipi chonchi amatchedwa firmware. Imayesa memory, imadzutsa kiyibodi ndi sikirini, imafufuza kumene kuli Windows kapena Linux, kenako n'kupereka ulamuliro kumeneko. Kwa zaka zambiri akatswiri akhala akutulukira njira zotetezera pulogalamu imeneyi, ndipo nzeru zawo zambiri n'zoyamikika. Koma mfundo imene ndikufuna tiiunike limodzi ndi iyi: pa zonse zimene zatulukiridwa, chofunika koposa ndi njira yodzutsira makina pamene zinthu zasokonekera, ndipo njira imeneyo iyenera kufika m'manja mwa mwini makinawo ndi mmisiri wake, ngakhale mwiniyo akhale wachitatu kuwagula. Loko wotsekera akuba kunja ndi wofunika, koma amabwera pachiwiri. Apa ndi pamene makampani ndi opanga malamulo akutsalira, ndipo amene zikuwapweteka kwambiri ndi anthu ngati abale athu amene timawatumizira malaputopu.

Vuto lake ndi lakale ngati kompyuta yomwe. Makina akangoyaka, memory yake imakhala yopanda kanthu, ndipo makina opanda malangizo sangawerenge malangizo. Pamafunika kena kake kokhazikika koti kayambe. Kompyuta yotchedwa EDSAC, imene gulu la Maurice Wilkes linamanga ku Cambridge n'kuyamba kugwira ntchito mu Meyi 1949, inali ndi malangizo oyambira okwana 31 amene David Wheeler analemba. Malangizowo anali olukidwa ndi mawaya pa masiwichi ozungulira a mtundu umene unkagwiritsidwa ntchito m'nyumba zolumikizira matelefoni. Anthu a dera lino zipangizo zoterezi anazidziwa ndi manja awo, poti fakitale ya Siemens Brothers, imene inatsegulidwa m'mbali mwa mtsinje wa Thames pano pa Woolwich mu 1863 n'kuyamba ndi zingwe za telegalafu, inadzakhala yopanga zipangizo zolumikizira matelefoni kufikira itatsekedwa mu 1968. Malangizo a pa waya palibe vairasi imene ikanawasintha; wofuna kuwasintha ankayenera kubwera ndi chowotcherera. Pamene Gary Kildall anayamba kugwiritsa ntchito dzina loti BIOS mu 1975, ndiponso pamene IBM inatulutsa kompyuta yake ya pa desiki mu 1981, mkhalidwe unali womwewo: pulogalamu yoyambira inkalembedwa m'tchipi kufakitale, ndipo palibe pulogalamu ina imene ikanatha kuifufuta. Chitetezo chinalipo chokwanira, koma mtengo wake unali woti cholakwika chikapezeka, ankayenera kutsegula makina n'kusintha tchipi chonse.

M'zaka za m'ma 1990 makampani anasamukira ku matchipi otha kulembedwanso, amene amisiri athu amati kuflasha. Zinathandiza, chifukwa cholakwika chinkakonzedwa ndi kadisiki basi. Koma chimene mwini makina angalembe, mdani nayenso angalembe. Pa 26 Epulo 1999 vairasi yotchedwa CIH, imene wophunzira wina wa ku Taiwan dzina lake Chen Ing-hau analemba, inafufuta chiyambi cha hard disk pa makompyuta ambirimbiri, ndipo pa makina ena inalowa mpaka m'tchipi cha BIOS n'kulembamo zinyalala. Makina oterowo sankaonetsa ngakhale chilembo chimodzi. Panalibe poikira diski yokonzera, chifukwa pulogalamu imene inkayenera kuwerenga diskiyo ndi imene inafa. Taonani tsono yankho limene linaoneka chaka chomwecho cha 1999. Kampani ya Gigabyte inayamba kugulitsa ma motherboard okhala ndi matchipi awiri a BIOS, china chogwira ntchito, china chosungidwa kuti chinzake chikawonongeka chilembemonso zabwino. Nzeru yake ndi ya mlimi amene saika chimanga chonse m'nkhokwe imodzi: cha mbewu amachisunga pachokha, pamalo pamene dzanja la wophika silifika, kuti ngakhale nkhokwe itapsa munda udzalidwebe. Yankho loyamba lenileni pa tsoka loyamba la firmware silinali kumanga mpanda. Linali kusunga mbewu.

Zaka ziwiri tsokali lisanachitike, mu 1997, akatswiri atatu a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, William Arbaugh, David Farber ndi Jonathan Smith, anali atafotokoza kale dongosolo limene analitcha AEGIS, ndipo ndi dongosolo limeneli limene ndikufuna mulisunge m'mutu. Linali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali yoti chigawo chilichonse cha pulogalamu yoyambira chizifufuza chidindo cha chigawo chotsatira chisanachipatse ulamuliro. Chidindo chimenechi n'cha masamu: wopanga pulogalamu amakhala ndi kiyi wachinsinsi amene amadindira, ndipo makina amakhala ndi kiyi wina wongoonera ngati chidindocho n'chenicheni. Pakasinthidwa ngakhale kachilembo kamodzi, masamu sagwirizana. Mbali yachiwiri inali yoti chigawo chikapezeka chowonongeka, makina asangoima. Atenge chigawo chabwino kuchokera pamalo odalirika, achilembe, ayambirenso. Olembawo anaona kuti kuzindikira vuto popanda kulikonza kumangothandiza mdani, chifukwa amene akufuna kukugwetsani safunika kulowa m'makina anu ngati angathe kungowachititsa kukana kudzuka. M'zaka zotsatira makampani anagwira mbali yoyamba ndi manja awiri. Kunabwera katchipi ka TPM kosunga makiyi ndi kulemba mbiri ya zimene zayenda poyatsa makina. Kunabwera Secure Boot, imene inafalikira limodzi ndi Windows 8 mu 2012, yoletsa makina kuyendetsa pulogalamu yoyambira yopanda chidindo chovomerezeka. Mu 2013 Intel inawonjezera Boot Guard, imene imawotcha chizindikiro cha kiyi wa kampani m'kati mwa tchipi kufakitale, osadzasinthikanso. Mbali yachiwiri ija inatsalira m'mbuyo, n'kumaoneka makamaka pa makina odula a m'maofesi.

Ndisamveke ngati ndikunyoza maloko amenewa. Adani amene amalimbana nawo alipodi. Mu 2018 akatswiri a kampani ya ESET anapeza pulogalamu yaukazitape yotchedwa LoJax itakhazikika m'kati mwa tchipi cha firmware pa makina enieni a m'mabungwe a boma ku Ulaya. Pulogalamu yotere ungafufute hard disk, ungaike Windows yatsopano, ungagule hard disk ina, imabwerera ndithu makina akangoyaka. Pa mdani wotere chidindo chimathandiza. Koma funso loyenera kufunsa loko aliyense ndi lakuti: nanga kiyi akabedwa, chichitike n'chiyani? Mbiri ya zaka zaposachedwa yayankha katatu. Mu 2023 akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a kampani ya MSI, ndipo m'zinthu zimene anazimwaza munapezeka makiyi achinsinsi a Boot Guard. Popeza chizindikiro cha makiyiwo chinawotchedwa m'matchipi, palibe njira yowasinthira pa makina amene anagulitsidwa kale. Mu Julayi 2024 ofufuza a kampani ya Binarly anaulula kuti mitundu mazanamazana ya makompyuta inatuluka kufakitale ili ndi kiyi wongoyesera, wolembedwa poyera kuti asakhulupiriridwe, ndipo mbali yachinsinsi ya kiyi mmodzi wotere inali itaikidwa kale pa intaneti ikutetezedwa ndi pasiwedi ya zilembo zinayi. Nkhani yachitatu ndiyo yophunzitsa kwambiri. Pulogalamu yoipa yotchedwa BlackLotus, imene ESET inaifotokoza mu Malichi 2023, inkadutsa Secure Boot pobwera ndi pulogalamu yakale ya Microsoft yomwe, yokhala ndi chidindo chenicheni koma yobowoka. Mankhwala ake anali osavuta kuwanena: kulengeza kuti chidindo chakalecho chatha ntchito. Koma Microsoft sinathe kuchita zimenezo tsiku limodzi, inachita kuzigawa m'magawo otenga nthawi yaitali, chifukwa ma flash ndi madisiki okonzera makina amene anthu anasunga padziko lonse anali ndi chidindo chomwecho. Kutseka chibowo kukanapha njira yodzukira. Kampani yaikulu chotere itafika posankha pakati pa ziwirizi, inaopa kwambiri kusiya anthu opanda njira yodzutsira makina awo, ndipo ndikuganiza kuti inaopa choyenera.

Amene akukayikabe akumbukire Lachisanu la pa 19 Julayi 2024. Tsiku limenelo panalibe wakuba aliyense. Kampani ya CrowdStrike, imene ntchito yake ndi kuteteza makompyuta, inatumiza kafayilo kolakwika, ndipo malinga ndi kuwerengera kwa Microsoft makina okwana 8.5 miliyoni anagwa. Ndege zinaima, Sky News inazima kwa kanthawi, ndipo m'zipatala zambiri zing'onozing'ono za madokotala a m'madera muno mu England, zimene zimadalira pulogalamu ya EMIS, ogwira ntchito anabwerera ku cholembera ndi pepala. Cholakwikacho sichinali mu firmware yeniyeniyo. Chinali m'pulogalamu imene imadzuka firmware itangopereka ulamuliro. Koma chimene chinachedwetsa dziko ndi nkhani yathu yomweyi. Kampaniyo inabweza kafayiloko pasanathe maola awiri, koma makina ogwa sankakhala maso nthawi yokwanira kuti alandire chokonzacho. Panafunika munthu akhale pansi pa kompyuta iliyonse, aiyatse m'njira yapadera yokonzera, afufute kafayilo kamodzi. Ndipo pamene hard disk inali yokhomedwa ndi BitLocker, makina ankayamba afunsa nambala yotsegulira ya manambala 48, imene m'maofesi ena inali itasungidwa pa kompyuta ina imene nayonso inali itagwa. Amene anadzuka msanga si amene anali ndi chitetezo chokhwima kuposa anzawo. Ndi amene anali ndi nambala zawo pafupi, ma flash okonzera, ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito.

Kuno kum'mwera chakum'mawa kwa London tsoka limeneli linapeza bala lina lisanapole. Pa 3 Juni 2024 akuba ofuna dipo anakhoma makompyuta a Synnovis, kampani yoyeza magazi, ndipo zinakhudza zipatala za Guy's, St Thomas' ndi King's College pamodzi ndi madokotala a m'maboma asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Greenwich kumene kuli Woolwich. Kumanganso dongosololo kunatenga miyezi. Kumudzi ku Malawi nakonso, kumayambiriro kwa chaka chomwecho, nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makinawo alandidwa ndi anthu ofuna dipo ndi kuti boma silipereka. Nkhani ziwirizi si za firmware, koma wodwala wodikira zotsatira za magazi ndi munthu wodikira pasipoti amavutika ndi chinthu chimodzi, chimene ndi kutalika kwa nthawi imene makina akutenga kuti abwerere.

Tsopano titsatire laputopu imodzi ya mtundu umene umapezeka m'mashopu ogulitsa ndi kukonza zipangizo m'misewu ngati Powis Street pano pa Woolwich. Inagwira ntchito zaka zinayi kapena zisanu mu ofesi ina, ndipo ikutayidwa ili yamphamvu. Makina otere achuluka, chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, Secure Boot ndi purosesa yatsopanoko. Mmalawi wa kuno aigula, aikulunga m'zovala, aitumiza kwa mphwake amene ali ku koleji ku Zomba kapena ku Mzuzu. Imanyamula chiyani kupatula batire ndi chaja? Ikhoza kunyamula pasiwedi ya BIOS imene wogwira ntchito wa ofesi ija anaika ndipo palibe anakumbuka kuichotsa. Pa makina akale mmisiri ankangozula kabatire kozungulira ka pa motherboard pasiwedi n'kuiwalika. Pa malaputopu a m'maofesi a masiku ano imasungidwa m'tchipi chosadalira batire. Ikhoza kukhala kuti inalembetsedwa m'kaundula wa ofesiyo, moti mukaikamo Windows yatsopano n'kulumikiza intaneti imafunsa dzina la wantchito wa kampani imene mwina inatsekedwa kale. Ikhoza kukhala ndi Computrace, pulogalamu yolondola makina obedwa imene imakhala mu firmware, yomwe opanga LoJax uja anatengerako nzeru. Ikakhala ya Apple, ikhoza kukhala yomangiriridwa ku akaunti ya mwini wake woyamba, ndipo popanda iyeyo ndi chitsulo chabe. Pa zonsezi palibe wakuba. Pali wogula woona mtima, wolandira woona mtima, ndi loko amene mwini kiyi wake anachoka osatsanzika.

Ikafika kumudzi imakumana ndi mdani amene oipanga sanamuganizire kwenikweni, amene ndi kuthima kwa magetsi. Pamene tchipi cha BIOS chikulembedwa, pamakhala mphindi zingapo zimene zakale zafufutidwa koma zatsopano sizinathe kulowa. Magetsi akathima pamenepo pa kompyuta ya pa desiki, kapena pa laputopu ya batire lotopa, ngati makinawo alibe mbewu yosungidwa ija zotsatira zake n'zofanana ndi za CIH. Tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'dziko lotere, munthu amene akuopa kuflasha BIOS yake si mbuli, akuwerengera bwino. Chotsatira chake n'chakuti zibowo zimene zinakonzedwa kale kwina zimakhala zotsegula pa makina ake kwa moyo wawo wonse. Apa mukuona kuti kusowa kwa njira yodzukira kumabala kusowa kwa chitetezo. Amisiri a m'matauni athu, ku Limbe, ku Lilongwe ndi kwina, ali nayo njira yawo: kachipangizo kotchipa kotchedwa CH341A kokhala ndi kopanira, kamene amapana nako katchipi kaja n'kukalembanso kuchokera pa kompyuta ina. Luso limeneli lapulumutsa makina ambiri, ndipo liyenera kulemekezedwa. Koma mmisiri amafunika fayilo yoyenera ya makinawo, imene makampani ambiri sapereka mu mpangidwe woti n'kulembedwa chonchi, choncho amakaitola kwa anthu osadziwika pa intaneti. Munthu woona mtima akukankhidwira ku njira imene kazitape angaikonde.

Pali amene angatsutse, ndipo mtsutso woyamba ndi wamphamvu, makamaka kwa ife okhala mu London kumene kulanda mafoni m'misewu kuli nkhani ya tsiku ndi tsiku. Iwo angati loko amene angachotsedwe ndi wogula wachitatu angachotsedwenso ndi wakuba. Umboni ali nawo: Apple itaika loko womangirira foni ku akaunti ya mwini wake mu 2013, akuluakulu a mzinda uno analengeza mu 2015 kuti kuba kwa mafoni kunatsika ndi theka. Zimenezo sindikuzikana, ndipo sindikupempha kuti loko ameneyu achotsedwe. Ndikuti pali kusiyana pakati pa makina obedwa ndi makina otayidwa, ndipo kusiyana kumeneko n'kotheka kukudziwa. Makina obedwa amakhala ndi mwini amene akuwafuna, amene angalengeze kuti abedwa. Makina otayidwa amakhala ndi mwini amene anawagulitsa n'kulandira ndalama. Ofesi imene ikugulitsa malaputopu zana ili ndi udindo kale wofufuta zinsinsi za anthu zimene zili m'menemo. N'chifukwa chiyani isakhale ndi udindo wofanana wochotsa maloko ake? Ndipo pamene ofesiyo kulibenso, wopanga makinawo akhale ndi khomo limene wokonza wovomerezeka angagogodepo ndi umboni wa kugula, makinawo n'kufufuzidwa ngati analengezedwa kuti abedwa, kenako n'kumasulidwa. Khomo limenelo likhale lofikirika kwa mmisiri wa ku Blantyre monga lilili kwa wa ku Birmingham. Panopa cholemetsa chonse chagwera amene alibe mphamvu pa onse, pamene amene akanachichotsa ndi mphindi zochepa safunsidwa kanthu.

Mtsutso wachiwiri umachokera kwa akatswiri a chitetezo enieni. Iwo amati njira iliyonse yodzutsira makina ndi khomo lakuseri, ndipo khomo silisankha wolowa. Mawuwa ndi oona pa njira zopangidwa mosasamala, monga mapasiwedi a fakitale amene ankatsegula makina onse a mtundu umodzi. Koma pali makina ali pamsika kuyambira 2011 amene aonetsa kuti khomo lingamangidwe mwanzeru. Chromebook ili ndi chigawo cha firmware chosalembeka chimene chimayamba kudzuka, ndi makope awiri a chigawo cholembeka, moti limodzi likawonongeka linalo limagwira ntchito. Onse awiri akafa, mwini makina amadina mabatani atatu pamodzi, n'kulowetsa flash yokhala ndi pulogalamu imene aliyense angaitenge kwaulere, makina n'kubwerera mwakale. Akafuna kuchotsa loko kuti aikemo pulogalamu ina, makina amalola, koma pa mfundo zitatu: munthuyo akhale pamakinapo ndi zala zake, zonse za mwini wakale zifufutidwe kaye, ndipo nthawi iliyonse makina akayaka azionetsa chenjezo loti loko anachotsedwa. Kazitape wa kutali sangadine mabatani. Wofuna zinsinsi amapeza zafufutika. Wofuna kubisa pulogalamu yoipa amaululidwa ndi chenjezo. N'zoona kuti Chromebook yolembetsedwa ku sukulu kapena ku ofesi imakana zimenezi kufikira itamasulidwa, ndipo pamenepo tabwerera ku udindo wa wogulitsa uja. Koma mfundo yaikulu yaoneka: chinsinsi cha munthu chingatetezedwe popanda kupha chitsulo. Mafoni ambiri a Android nawo akhala ndi dongosolo la makope awiri kuyambira 2016. HP inayamba kuika njira yodzikonza yokha ya BIOS, yotchedwa Sure Start, pa malaputopu ake a m'maofesi mu 2013. Ndipo mu 2018 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linalemba malangizo a firmware okhala ndi mizati itatu: kuteteza, kuzindikira, ndi kubwezeretsa. Nzeru zonse zofunika zinatulukiridwa kale. Chimene chikusowa ndi choumiriza kuti zifike pa makina otchipa amene anthu ambiri amagula.

Mtsutso wachitatu ndi wa ndalama, ndipo umanenedwa motsitsa mawu: katchipi kowonjezera n'kodula, kusamalira makina a zaka khumi n'kodula, ndipo makina akale ayenera kupuma. Kwa amene amasintha laputopu zaka zitatu zilizonse mawuwa amamveka. Koma moyo wa kompyuta sutha pamene mwini woyamba watopa nayo. Nthawi zina imakhala zaka zambiri m'manja achiwiri ndi achitatu kuposa oyamba, ndipo ndi m'manja amenewo mmene imalembera mayeso, kusunga kaundula wa odwala ndi kuwerengera malipiro. Mtengo umene kampani yapewa sunafe, wangosamukira kwa wina. Malamulo a dziko lino akudziwa mfundo imeneyi koma aima panjira. Lamulo la mu Julayi 2021 linaumiriza opanga makina ochapira, mafiriji ndi ma TV kuti azipereka zipangizo zokonzera, koma malaputopu ndi mafoni sanalowemo. Lamulo lina limene linayamba kugwira ntchito pa 29 Epulo 2024 linaletsa mapasiwedi a fakitale osavuta kuwalota, n'kulamula kuti wopanga azinena zaka zimene adzasamalire chipangizo chake, koma makompyuta a pa desiki ndi malaputopu anapatulidwa. Kumudzi tili ndi lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti, ndipo tili ndi MACRA, bungwe loona za mauthenga. Boma la Malawi silingauze makampani a ku America ndi ku Taiwan mmene angapangire matchipi, koma lingagamule zimene limagula ndi zimene limalandira. Unduna kapena sukulu ikamagula makompyuta, kapena ikamalandira mphatso za mabungwe, ingathe kukana makina okhomedwa ndi kufunsa ngati ali ndi njira yodzibwezeretsa firmware.

Palinso tsiku lina loyesa zonsezi. Ziphaso za Microsoft za mu 2011 zimene zili m'makompyuta ambiri, zimene Secure Boot imadalira, zinalembedwa kuti ziyambe kutha mphamvu mu Juni 2026. Makina amene sanalandire ziphaso zatsopano sazima tsiku limenelo, amayakabe, koma amasiya kulandira zokonza zatsopano za chigawo choyambira, ndipo chibowo chilichonse chopezeka pambuyo pake chimakhala chosatsekeka. Makina ena amalandira ziphasozi kudzera mu Windows, koma ena amafunika kaye firmware yatsopano kuchokera kwa wopanga, ndipo opanga ambiri anasiya kale kulemba firmware ya makina a zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, amene ndi omwe adzaza m'makalasi ndi m'maofesi a kwathu.

Choncho, inu amene mukukonza zotumiza laputopu kumudzi, ntchito ina ichitikire kuno kumene magetsi sathima ndipo intaneti ndi yotchipa. Musanalipire, pemphani wogulitsa ayatse makinawo n'kulowa mu BIOS inu mukuona, kawirikawiri podina F2, F10 kapena Delete, kuti muone ngati sikufunsa pasiwedi ndiponso ngati Computrace si yoyatsidwa. Aikemo Windows yatsopano n'kulumikiza intaneti pomwepo, muone ngati sikutchula dzina la kampani ina. Ikakhala ya Apple, mwini wakale aichotse pa akaunti yake ndalama zisanatuluke m'thumba. Mukafika nayo kunyumba, ikanimo BIOS yomaliza imene wopanga anatulutsa chaja chili pakhoma. Ngati BitLocker ndi yoyatsidwa, nambala ija ya manambala 48 muilembe papepala, ndipo pepalalo liyende padera, osati m'chikwama chimodzi ndi makinawo. Muikemonso flash yokonzera, yopangidwa posachedwa, imene mwaiyesa nokha kuti makinawo akuilandira.